Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: tanthauzo lake lenileni ndi chani?

Abale ndithandizeni, makamaka inu amene munakulira kumudzi. Mkhate ndi chani kwenikweni? Ine ndimangodziwa mkate wa nthochi uja timagula pa msika. Ndafunsa chifukwa sabata yatha mayi anga anali ku bwalo kwa amfumu, mbuzi zinalowa m'dimba mwawo n'kudya mpiru ndi tomato yense, mbuzizo n'za mphwawo wa amfumu omwewo. Mayi analipira chabwalo, anakhala pansi pa mtengo kuyambira mmawa, mwini mbuzi anayankhula mpaka kutopa, koma mayi atangoti ayambe nduna ina inati basi tamva, mpanda wanu ndi umene unali wofooka. Mnyamata amene anaziona mbuzizo zikulowa sanamuitane n'komwe. Pobwerera agogo ena anangowauza mayi kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndiye mwambiwu ukuti tingozisiya?

Yankho 1: Achimwene si mkate wodya ayi, ndi mkhate, pali h. Ndi mbiya yadothi yakukamwa kwakukulu, agogo anga ankaikamo madzi osamba a agogo aamuna kuseri kwa nyumba, masiku ano tinalowetsa mabeseni apulasitiki n'chifukwa ana sakulidziwa liwuli. Tsono khoswe akakwera pamenepo iwe uli ndi chibonga m'manja sungamenye, ukamenya waswa mkhate wako womwe. Agogo amene anauza mayi anuwo amatanthauza kuti wolakwayo ndi wapamtima pa woweruza, kumulanga n'kudzipweteka wekha.

Yankho 2: Zoona, koma ine ndikukana kuti mwambiwu ukuti musiye. Umangofotokoza chimene chamanga manja a amfumu. Khoswe sagona pa mkhate chaka chonse, amatsika, ndipo munthu wanzeru amamuthamangitsira pabwalo kaye. Kwathu mlandu ukakhudza m'bale wa mfumu, mfumu yaulemu wake imaitana mfumu inzake kapena kuutumiza kwa agulupu kuti iyo isakhale pakati. Ndipo chimene chandiwawa pa nkhani yanuyi si chigamulo, mwina mpandawo unalidi wofooka, koma kuwadula mayi pakamwa. Paja amati mlandu sagula ndi chipanda cha mowa, chibalenso sichiyenera kugula mlandu.

Yankho 3: Ana inu nkhani yomuletsa munthu kuyankhula pa mlandu musamaitenge mopepuka, ife tinaziona. Nthawi ya Kamuzu kunali ma Traditional Court, makhoti okhalamo mafumu, amene ankaweruza ngakhale milandu yakupha ndi youkira boma, loya samaloledwa kulowamo. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera, onse odziwa malamulo, anawazenga mlandu m'khoti lotero ku Blantyre, mboni zimene ankafuna kuitana anawakaniza, mu 1983 n'kuwagamula kuti aphedwe. Chilangocho anachisintha kukhala ndende moyo wonse, a Orton anamwalira ku ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu 1993. N'chifukwa chake Konsitityushoni ya 1994 inalemba zimenezi poyera, gawo 41 likuti aliyense ali ndi ufulu wopita ku khoti kuti nkhani yake ikamveke, gawo 42 likuti womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48 ndipo ali ndi ufulu woitana mboni zake ndi kufunsa mafunso mboni za mbali inayo. Za mbuzi n'zazing'ono poyerekeza, inde, koma mtima wake ndi womwewo.

Yankho 4: Kungowonjezera, ena amalemba nkhoswe m'malo mwa khoswe, ayi ndithu, nkhoswe ndi ya ukwati, apa tikunena kanyama kakuba chimanga m'nkhokwe. Ndipo chigamulo cha amfumu si mapeto, kwa majisitireti mlandu wa ziweto zowononga mbewu amaulandira.

Wofunsa: Zikomo nonse, mkhate ndaudziwa tsopano, ndawaimbira mayi akuti wa agogo ulipobe m'khitchini amasungiramo nyemba. Iwo akuopa kuti akapita kwa agulupu anthu aziti akunyoza amfumu, poti mawa maliro akagwa ndi amfumu omwewo opereka malo kumanda. Ndawauza kuti Loweruka ndikubwera tipitire limodzi, mnyamata uja wavomera kukanena zimene anaona. Funso lina, kwa agulupu timayenera kutenga kalata yochokera kwa amfumu omwe aja, kapena tingopita tokha?