Shiti yatupa nditaiwotcherera pa geti, ndalakwitsa pati?

Wofunsa:
Akuluakulu a gulu lino, ndigawireniko nzeru. Zowotcherera ndaphunzira kwa malume anga kuno ku Ndirande, ndipo ndayamba kuima pandekha chaka chathachi. Ndalandira ntchito ya geti la zitseko ziwiri. Felemu ndapanga ndi chubu yachitsulo ya 40x40 mm, m'kati ndalukamo timabokosi ta chubu ya 20x20 totalikirana masentimita 40, kenaka ndaphimba ndi shiti yachitsulo yochindikala 1.2 mm. Pofuna kuti lilimbe ndinawotcherera mzere wonse osadukiza, pa chubu iliyonse. Litazizira, shiti yatupa m'timabokosi monse, ukaikankha imalira "pho" n'kubwerera, ndipo ngodya imodzi yadzuka. Chitseko chachiwiri sindinachiyambe. Ndigule shiti ya 1.6 kapena ndimange ndi ma rivet? Ndalama ya eni ake ndadya kale theka.

Mmisiri wa ku Kawale:
Mphwanga, shitiyo ilibe mlandu, wachulutsa moto ndiwe. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, pozizira msoko wowotchererawo umakokana n'kufupika kuposa poyamba. Iwe wazunguliza kabokosi kalikonse ndi msoko wokoka, ndiye shiti yapakatiyo ipite kuti? Yangotupa. Ndipo poti misoko yonse ili mbali imodzi, yakokanso felemu mpaka kuipinda. Pa chitseko chachiwiricho panikiza felemu pamalo osalala, uyambe ndi timadontho kuchokera pakati kupita kunja. Kenaka timisoko ta masentimita awiri, kulumpha 15, lina kuno lina uko, osatsatizana. Rod yowotcherera ikhale ya mtundu wa 6013 ya 2.5 mm, moto utsitse, moto wambiriwo uzilozetsa pa chubu osati pa shiti. Ukaika dzanja pafupi n'kumva kutentha, kamwe madzi kaye.

Wina:
Ma rivet basi bwana, palibe moto, palibe kupindika.

Mmisiri wa ku Kawale:
Pa geti lakunja? Rivet ya aluminiyamu wakuba amaiboola ndi drill kamphindi kochepa, komanso imakhwepa ndi kumenyetsa kwa tsiku ndi tsiku. Bola aboole timabowo ta 6 mm pa shiti moyang'anizana ndi chubu, azidzaza ndi weld, n'kusalaza ndi gulayinda.

Mphunzitsi wa zosula:
Ndionjezepo pa za 1.6. Kuuma kwa shiti popindika kumakwera ndi kuchindikala kwake kodzichulukitsa kokha katatu (monga 1.6 x 1.6 x 1.6), ndiye 1.6 imauma kupitirira kawiri 1.2. Koma imalemeranso ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kulemerako kukathera pa mahinji ndi pa chipilala. Taonani malata a IBR: ndi opyapyala kuposa shiti yanuyo, koma amalimba chifukwa cha mizere yopindidwa. Mukapeza wa makina opindira, akuikireni mzere wa X wosazama pa shiti musanaimange, "pho" uja atha. China, timabokosi tokhatokha sitiletsa geti kugwa mphuno. Pamafunika chubu yopingasa, kuchokera pa hinji yapansi kukafika pa ngodya yakumwamba ya mbali inayo.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu, yopingasayo ndinalibe n'komwe. Nanga chapindika kalechi chingawongoke, kapena ndichotse shiti yonse?

Mmisiri wa ku Kawale:
Dula misoko ndi gulayinda, shiti ichoke, uwongole felemu payokha. Shitiyo usaitaye, ukapangira mbaula. Ndipo upake red oxide, penti woteteza ku dzimbiri, pa chubu ndi kuseri kwa shiti usanaphimbe, madzi amvula amabisala pamenepo.