Chotupa chogunda pamwamba pa mchombo: tichilase kapena ayi?

Tekiniko wa zachipatala wa ku Angónia: Anzanga, ndithandizeni msanga. Ndili ndi wodwala, agogo aamuna, mlimi wa fodya, chingambwe sichichoka pakamwa chiyambire unyamata. Msana ukuwapweteka tsiku lachitatu lero, kunyumba amangomwa mankhwala a zilonda za m'mimba. Pamwamba pa mchombo, chakumanzere pang'ono, pali chotupa, ukaikapo dzanja chikugunda ngati mtima. Mnzanga wa usiku akuti ndi chithupsa cha mkati, tilase ndi jakisoni tione ngati muli mafinya. Ine mtima ukukana.

Namwino wa ku Tsangano: Jakisoniyo mubwezere m'kabati, achimwene! Chogunda salasa.

Tekiniko wa ku Moatize: Osalasa ndithu, koma tisathamangirenso kunena kuti ndi aneurizima, kutupa kwa mtsempha wa magazi. Munthu wowonda aorta yake, mtsempha waukulu wochokera ku mtima, imamveka ngakhale ili bwinobwino. Ikani zala uku ndi uku, pang'onopang'ono. Zikamangokwera m'mwamba, ndi chotupa china chakhalira mtsempha. Zikamatalikirana, watupa ndi mtsempha weniweniwo.

Angónia: Zikutalikirana, akulu. Mpaka ndachita thukuta.

Tsangano: Basi lekani kudinikiza. Kabwerekeni makina a ekografiya, ounikira m'mimba aja, kwa amayi oyembekezera, muyeze mopingasa, kunja mpaka kunja kwa khoma. Yabwino imakhala cha m'ma 2 cm, ikafika 3 cm ndiye yatupa.

Angónia: 6.4 cm. BP 150/90. Akulankhula bwinobwino, akufunsa nsima.

Madala opuma pantchito, Ulongwe: Nsimayo ayi, mwana wanga, asadye kanthu. Kwa amuna mpeni wa opareshoni umaganiziridwa pa 5.5 cm ngakhale munthu sakumva kuwawa. Apa yapitirira, ndiye ikupwetekanso. Imeneyo ikutsanzika.

Inu achinyamata muli ndi mwayi. Mtsempha umenewu unazunza madokotala zaka zambirimbiri. Astley Cooper ku London anaumanga ndi ulusi mu 1817, wodwala sanathe masiku awiri. Woyamba kumanga aorta munthu n'kukhala moyo anali Rudolph Matas ku New Orleans mu 1923. Albert Einstein amene, ndi nzeru zake zonse zija, mu 1948 Rudolph Nissen anangomukulunga chotupacho ndi cellophane, ngati mmene timakulungira mandasi, kuti khoma likhuthale. Zinamusunga mpaka 1955, chinaphulika, opareshoni ina anaikana. Mu 1951 ku Paris, Charles Dubost ndi amene anadula chotupa n'kulumikiza ndi mtsempha wa munthu womwalira. Kenako Michael DeBakey ku Houston anasoka paipi ya nsalu ya Dacron pa makina osokera a mkazi wake. Makina a telala enieni! Njira yolowetsa paipi kudzera mu mtsempha wa m'mphechepeche osang'amba mimba anaitchukitsa Juan Parodi ku Buenos Aires mu 1990.

Moatize: Madala mwayamba sukulu, wodwala akudikira. Achimwene, pachikani madiripi awiri athamange, msewu wopita ku Tete ndi wautali.

Madala: Apo ndiye ayi. Makanula (timapaipi ta diripi tolowa mu mtsempha) awiri aakulu muike, inde, koma madzi azingodontha. Paipi yothetheka suionjezera mphamvu ya madzi. Ikachucha m'njira, BP ya pamwamba ikhale cha m'ma 80 kapena 90, bola munthu akuyankha mukamuitana. Mukaikweza ndi diripi, magazi amene anaundana n'kutseka pong'ambikapo amachoka.

Moatize: Ndavomera, ndinaganiza ngati wa kolera. Ndiye mankhwala a ululu apatseni okwanira, ululu nawo umakweza BP. Aspirin ndi diclofenac ayi.

Tsangano: Tengani magazi oyezera gulu ndi hemoglobina, kuchuluka kwa magazi. RPR ya chindoko ndi HIV muyezenso. Kale penisilini asanabwere chindoko ndicho chinkadya aorta, makamaka ya m'chifuwa, ndipo kwathu kuno sichinathe. Koma musachedwetse ambulansi podikira zotsatira.

Madala: Imbirani adokotala a opareshoni ku Tete musananyamuke, ndipo 6.4 cm mulembe ndi zilembo zikuluzikulu pa kalata. Zoti apitirire ku Beira kapena ku Maputo akaone okha. Abale muwauze zoona, kuti mtsemphawu ukhoza kuphulika m'njira. Asadzati munawabisira.

Angónia: Ndaimba, akuti tibwere nawo. Ana awo ndawakhazika pansi, wamkulu akwera nawo ambulansi, inenso ndiperekeza. Dalaivala ndamuuza kuti pa mabampu aziyenda ngati wanyamula mazira. Agogowo ndawapeza ndi chingambwe m'thumba la jekete, akuti n'cha panjira. Ndalanda.