Kodi mlandu wa ndewu ungathe popanda kuzengedwa m'khoti?

Mlimi wa ku Chadiza:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Mkulu wanga anakangana ndi mnansi wathu pa malire a munda, ndipo anamumenya mpaka diso kutupa. Mnansiyo anakatenga pepala la kuchipatala, apolisi anatsegula mlandu, ndipo mkulu wanga ali panja pa bondi ya polisi. Tsopano mitima yatsika: anyakwawa anatikhazika pansi, wolakwa anapepesa, ndipo wodandaula wavomera kulandira mbuzi pamodzi ndi ndalama zimene anawononga kuchipatala. Kodi mlandu watha pamenepa? Mwana wa mkulu wangayo, wa zaka 15, nayenso anatchulidwa chifukwa anaponya mwala.

Mayi wa ku Kapata:
Bambo, mwachita bwino kuyanjana, koma mlandu sunathe. Nkhani ikangolembedwa kupolisi, mwini wake amakhala Boma, ndipo mnansi wanuyo amasanduka mboni, kotero kuti chigamulo cha pabwalo la anyakwawa sichingautseke pachokha. Njira ilipo komabe. Gawo 8 la Criminal Procedure Code, lamulo la kazengedwe ka milandu muno m'Zambia, limalola khoti la majisitireti kulimbikitsa chiyanjano pa milandu ya kumenyana ndi ina yaing'ono yokhudza anthu awiri okha, bola ngati kuvulazako sikunali koopsa. Majisitireti amamva kuchokera pakamwa pa wodandaula kuti wakhululuka mwa kufuna kwake, amavomereza chipepeso chimene mwagwirizana, kenako amalamula kuti mlandu uimitsidwe.

Chonde, mkulu wanu asajombe tsiku limene anapatsidwa poganiza kuti mbuzi yamaliza zonse, pakuti akapanda kuoneka, khoti litulutsa chikalata chomumangira. Apite pamodzi ndi mnansiyo, ndipo chimene munapangana chilembedwe papepala, mboni zisainepo.

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Ine mtima wanga uli pa mnyamatayo. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limapereka kwa mwana ngati wanuyu mpata womupatutsa kuti asazengedwe m'khoti, makamaka akavomera zimene anachita. Angauzidwe kupepesa, kubweza zimene anawononga, kulandira uphungu, kapena kuyang'aniridwa ndi a Social Welfare kwa nthawi yoikika, uku akupitiriza sukulu. Funsani za njira imeneyi msanga, nkhani ikadali kupolisi, ndipo kholo likhalepo nthawi zonse pamene mwanayo akufunsidwa. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo sindikhulupirira kuti chitolokosi chimawongola mwana amene anangotengeka ndi mkwiyo wa atate ake.

Mkulu wa mpingo, Petauke:
Ndikuvomerezana ndi amayi ndi aphunzitsi, koma owerenga ena asatenge yankho ili n'kuligwiritsa ntchito pa mlandu uliwonse. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16, kugwirira ndi kupha si nkhani zothetsa ndi mbuzi kapena ng'ombe, ngakhale mabanja onse awiri atagwirizana. Wogona ndi mwana amalandira zaka zosachepera 15 m'ndende, ndipo wolandira katundu kuti abise mlandu waukulu wotere nayenso amapalamula. Zoterezo zipite ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Inu bambo a ku Chadiza, ngati mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Board ali ndi ofesi ku Chipata.

Mlimi wa ku Chadiza:
Zikomo kwambiri nonse. Mnansi wathu wavomera kuti tidzapite naye kukhoti, ndipo anyakwawa ati abwera ndi nduna zawo kudzakhoma zikhomo pa malire mvula isanagwe.