Basale ya ana a mtsutso: tiipereke kwa ndani?

Apampando: Zikomo abale ndi alongo. Komiti yabwera ndi ganizo loti ndalama za chitukuko za chaka chino tikhazikitsire basale ya ana a kusekondale yathu amene amachita mipikisano ya mtsutso ndi kuyankhula pagulu. Akuti tizilipirira fizi ana atatu opambana. Tiyeni timve maganizo anu.

Asungichuma: Langa ndi funso limodzi, Apampando. Labu ilibe zipangizo, buku la masamu ana akubwerekana. Tiyambiredi luso la pakamwa?

Aphunzitsi opuma: Asungichuma, mtsutso si pakamwa pokha ayi. Mpikisano waukulu wa masekondale padziko lonse, World Schools Debating Championships, unayamba mu 1988 ku Australia, ndipo sukulu zambiri zimatengera malamulo ake. Mbali iliyonse imakhala ndi oyankhula atatu, aliyense mphindi 8, kenaka mmodzi amatsendera ndi mphindi 4. Mitu ina amauzidwiratu, koma ina amapatsidwa kutatsala ola limodzi lokha, foni ndi intaneti zoletsedwa. Mbali sasankhanso okha. Mwana akhoza kuuzidwa kuti aikire kumbuyo mfundo imene mumtima mwake sakugwirizana nayo. Angathe bwanji ngati sawerenga nyuzipepala, mbiri yakale ndi zachuma? Ine ndinaona mtsikana amene poyamba pepala linkachita kunjenjemera m'manja akaima kutsogolo. Chaka chisanathe ankadzuka mnzake ali pakati poyankhula, n'kumuponyera funso loti holo yonse ziii. Ngakhale chimangirizo ankalemba chomveka mutu ndi mchira.

Alongo a kutauni: Aphunzitsi mwanena zoona, koma mawu oti "opambana" ndiwo andiimitsa mutu. Pa malamulo omwewo oweruza amagawa malikisi chonchi: 40 pa mfundo, 40 pa kayankhulidwe, 20 pa nzeru zoyalira mfundozo. Tsono 40 ya kayankhulidweyo amatenga ndani? Nthawi zambiri ndi mwana amene Chingerezi anachiyamba ali wamng'ono, kwawo kuli mabuku, ndipo makolo ake fizi akulipira kale popanda vuto. Ndalama zathu zipita kwa amene sakuzisowa. Wamasiye amene amabwezedwa pageti teremu ikangoyamba, nzeru ali nazo koma lilime likadali lolemera, atsala pomwepo. Zimenezo ine zikundiwawa.

Aphunzitsi opuma: Mfundo imeneyo ndi yolemera, mwanangu. Ngakhale kumpikisano wa padziko lonse uja amapereka mphotho zapadera kwa matimu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba. Vutoli analiona.

Achimwene a kalabu yakale: Pepani ndilowepo akuluakulu. Ifeyo tili pasukulupo kalabu ya mtsutso sinafe chifukwa cha fizi. Inafa chifukwa cha thiransipoti. Kalata yotiitana imabwera, timakonzekera madzulo aliwonse, tsiku likafika galimoto palibe. Aphunzitsi otiyang'anira anatopa n'kutapa m'thumba mwawo. Basale popanda ulendo, anawo adzapikisana ndi yani?

Asungichuma: Chabwino, za mtsutso mwandigonjetsa. Koma tiwerengere bwino. Mwana ukamutenga ali Fomu 2 sungamusiye panjira, uyenera kumufikitsa Fomu 4. Tikamatenga atatu chaka chilichonse, chaka chachiwiri akhala 6, chachitatu 9. Zopereka zathu zimabwera modumphadumpha, ena mpaka kuwakumbutsa. Tiyambe ndi awiri, yotsalayo ikhale ya maulendo a kalabu yonse.

Alongo a kutauni: Awiriwo asankhidwe motere: akhale ovutikadi, akhale osajomba kukalabu, ndipo mmodzi akhale mtsikana. Opambana tiziwagulira mabuku ndi dikishonale, zikwanira.

Malume: Nanga wovutikayo adzamuloza ndani? Pajatu zoterezi zimathera kwa ana a achibale a komiti. Ine mwana wa mlongo wanga ali pasukulu pomwepo, ndiye ndikunena poyera kuti aliyense amene ali ndi m'bale pamndandanda asakhale nawo posankha.

Apampando: Zamveka, Malume, ndipo zilembedwe. Alembi, mawa muimbire ahedi muwafunse ana alipo angati m'kalabumo, akuwayang'anira ndani, ndiponso mipikisano ya chaka chino ilipo ingati. Asungichuma mutikonzere mawerengero a zaka zitatu, a ana awiri ndi a ana atatu. Tivota Loweruka likubwerali mayankhowo akafika.