Tikakumbukira chaka cha 2023: n'chifukwa chiyani namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri kumapiri?

Mphunzitsi wa ku Kasungu analemba kuti:

Abale ndi alongo, ndikayang'ana m'mbuyo pa nyengo ya chaka cha 2023, palibe chimene chimandibwerera m'mutu kuposa namondwe wa Freddy, ngakhale kuti ife a kuno ku Kasungu tsokalo tinangolimvera pa wailesi ndi kuliona pa zithunzi za m'mafoni. Ndimaphunzitsa Sitandade 7, ndipo tsiku lina pamene tinkaphunzira za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mtsikana wina anandifunsa funso limene ndinalephera kuliyankha bwino. Iye anati, popeza madzi amatsikira kumunsi, zinatheka bwanji kuti anthu ochuluka afere ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, komwe ndi kumtunda?

Kunena zoona, inenso ndinakula ndikudziwa kuti madzi akasefukira ovutika amakhala a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, monga zinachitikira mu Januwale 2015, pa nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, komanso wa Ana mu Januwale 2022. Mwanayo ndinamuyankha kuti vuto ndi kudula mitengo, koma pobwerera kunyumba mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndinaona kuti ndangobwereza zimene ndimamva ena akunena. Ndikupempha inu amene munali komweko kuti mundifotokozere zimene munaona ndi maso anu, ndiponso ngati nkhani ya mitengo payokha ikukwanira kulongosola zimene zinachitika.

Mayi wa ku Chilobwe anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine ndinali komweko, ndipo nyumba imene tinkachita lendi inali chakumunsi kwa phiri la Soche. Mvula inayamba Loweruka pa 11 Malichi, ndipo poyamba sinkaoneka yoopsa, kungoti inkagwa osapumira pamodzi ndi mphepo yozizira. Pofika Lamulungu madzulo khoma la chipinda cha ana linali litanyowa mpaka m'kati, moti munthu ukalikhudza chala chinkalowa m'zidina ngati mukuphala. Magetsi anali atazima kale. Tinasonkhanitsa ana pabalaza, tinaika ufa ndi zofunda pa tebulo, ndipo palibe wamkulu amene anagona.

Chimene sindidzaiwala ndi phokoso lake. Silinali la madzi oyenda mu ngalande monga tinazolowera, koma linali ngati magalimoto akuluakulu ambiri akutsika phiri nthawi imodzi, ndipo pansi pankanjenjemera. Amuna anga anatsegula chitseko n'kuunika ndi tochi, ndipo tinaona matope ofiira akudutsa pakati pa nyumba yathu ndi ya aneba athu atanyamula malata, mitengo ya denga ndi miyala. Kutacha tinapeza kuti mzere wonse wa nyumba zimene zinali chakumtunda kwathu kunalibe, ndipo pamalo pake panali miyala ina yaikulu ngati minibasi. Azibambo ndi anyamata anayamba kukumba ndi makasu ndi mafosholo mvula ikugwabe, ndipo akamva kulira pena pake onse ankathamangira pomwepo. Mayi amene ndinkagulitsa nawo tomato pa msika anapezeka patapita masiku angapo, koma mwana wawo wamng'ono sanapezeke mpaka lero.

Pa funso lanu ndinene chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mumtima. Chenjezo tinalimva ndithu, pa wailesi komanso pa mauthenga a pa foni, ndipo sindinganame kuti sitinauzidwe kuti kukubwera namondwe. Koma mawu amene ife tinawagwira anali akuti anthu okhala m'malo otsika ndi m'mphepete mwa mitsinje asamukire kumtunda. Ife tinali kale kumtunda, choncho tinkadziona ngati otetezeka, ndipo ena mwa aneba athu analandiranso abale ochokera m'mbali mwa mtsinje kuti adzagone kwawo. M'maganizo mwathu munalibiretu zoti ngozi ingachokere pamwamba pathu.

Bambo wa ku Phalombe anayankha kuti:

Mayi a ku Chilobwe, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo. Phokoso limene mwafotokozalo ife kuno timalidziwa, ndipo makolo athu analipatsa dzina kalekale, ndilo Napolo. Akuluakulu ankasimba kuti Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba phirilo n'kutsika ndi madzi ndi miyala. Kaya munthu akhulupirira za chinjokacho kaya ayi, dzinalo likusonyeza kuti kugumuka kwa mapiri sikunayambe dzulo. Kunachitika ku Zomba mu Disembala 1946, ndipo kunachitikanso kuno mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kukokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Nthawi imeneyo ndinali mnyamata, ndipo ndikukumbukira kuti kwa zaka zambiri pambuyo pake munthu ukamadutsa unkaona zipsera zoyera m'phirimo.

N'chifukwa chake, aphunzitsi, yankho la mitengo lokha ine sindikhutira nalo. Sindikukana kuti makala ndi minda ya m'mapiri zawononga nkhalango, chifukwa zimenezo ndimaziona tsiku ndi tsiku. Koma mu 2023 ndinaona ndekha kuti malo ena amene anagumuka m'phiri la Mulanje anali pamwamba kwambiri, kumene kulibe munda wa munthu, ndipo mitengo yeniyeniyo inatsika pamodzi ndi mizu yake n'kukhala chida chogwetsera nyumba ndi milatho. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe ndi yochuluka kuposa imene madera ambiri a dziko lino amalandira chaka chathunthu. Dothi la m'phiri ndi losaya ndipo limangokhala pamwamba pa thanthwe, choncho likamwa madzi otere limatsetsereka, kaya pali mitengo kaya palibe.

Chimene anthu a m'tauni sachidziwa kwenikweni ndi zimene zinatsalira m'minda. Chimanga chinali chitabereka, ena atayamba kale kudya mondokwa, ndipo tinkayembekezera kukolola patangotsala milungu yochepa. Munda wanga wa kudimba unakwiririka ndi mchenga ndi miyala kufika m'chiuno, moti khasu silikanathanso kufika pa dothi lachonde. Mitsinje ina inasiya njira zake zakale n'kudutsa pakati pa minda ya anthu, ndipo malire amene makolo anatisiyira anafafanizika, zimene zinabweretsa milandu kwa mafumu. Njala imene inatsatira inakula kwambiri chifukwa dzinja lotsatira mvula inadula ndi El Niño, ndipo mabanja amene anataya zokolola ndi madzi anadzatayanso zina ndi dzuwa.

Wophunzira za nyengo wa ku Zomba anayankha kuti:

Ndikufuna kuwonjezerapo za ulendo wa namondweyu, chifukwa ukuthandiza kumvetsa chifukwa chimene mvula inachulukira chomwecho. Freddy anabadwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 pa nyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia, ndipo anadutsa nyanja yonse ya Indian Ocean kuchokera kum'mawa kufika kumadzulo. Anafika ku Madagascar pa 21 Febuluwale, kenako analowa mu Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. M'malo mothera pamtunda monga amachitira anamondwe ambiri, anabwerera kunyanja, anapezanso mphamvu pa madzi ofunda a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo analowanso kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'kaundula amene anakhalitsa chotere.

Pofika kuno mphepo yake inali itachepa, ndipo chimene chinatipha ndi madzi. Namondweyu ankayenda pang'onopang'ono, akukoka mpweya wachinyontho kuchokera kunyanja, ndipo mpweyawo ukagunda phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita oposa 3,000, komanso mapiri a Thyolo, Blantyre, Chiradzulu ndi Zomba, unkakakamizika kukwera, n'kuzizira, n'kukhuthula mvula pamalo amodzimodzi kwa masiku angapo. Tisaiwalenso kuti Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, pamene nthaka imakhala itakhuta kale madzi. Mwana wanu uja, aphunzitsi, sanalakwe kunena kuti madzi amatsikira kumunsi, kungoti asanafike kuchigwa amayamba agwa pa phiri, ndipo potsika amanyamula chilichonse chimene chili m'njira yake. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka mwa njira yomweyo.

Bambo a ku Phalombe akunena zoona kuti mvula yotere ingagumule ngakhale phiri la nkhalango. Komabe pa mapiri a mu mzinda wa Blantyre monga Soche ndi Ndirande sindingaichepetse nkhani ya mitengo, chifukwa mizu imamanga dothi ndipo masamba ogwa pansi amachedwetsa madzi. Kuwonjezera apo, munthu akamasema phiri kuti apeze malo osalala omangapo nyumba amadula phazi la dothi la kumtunda kwake, ndipo nyumba zikachuluka popanda ngalande zokwanira, madzi a pa malata onse amathamangira m'tinjira tomwe timasanduka mitsinje. Boma linawerenga anthu 679 omwalira ndi ena oposa 500 osowa, ndipo anthu oposa 650,000 anasowa pokhala. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza pa 13 Malichi kuti chigawo cha kummwera chagwa m'tsoka, ndipo kenako analamula masiku 14 olira maliro.

Mlimi wa ku Nsanje anayankha kuti:

Ife a kuchigwa sitinapulumuke ayi, ndipo sindikufuna kuti ana a ku Kasungu aphunzire ngati kuti chaka chimenecho Nsanje ndi Chikwawa zinapuma. Madzi ambiri amene anagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo anatipeza kudzera mu Ruo, amene amathira mu Shire pa Chiromo, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba chofikirika ndi bwato kapena helikopita basi. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi athu amakwera tikuwaona. Mkulu wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi anayenda ndi chimkuzamawu madzi asanafike, ndipo ife amene tinaphunzirapo mu 2015 ndi 2019 tinatenga ana, mbuzi ndi mbewu n'kupita kusukulu ya kumtunda. Amene anachedwa anagona m'mitengo ndi pa madenga mpaka asilikali ndi eni mabwato atawapeza. Matope a ku Soche sanapatse anthu mpata umenewo.

Chimene chinatiopsa kwambiri kumisasa chinali kolera, chifukwa mliriwo unali utayamba kale mu Malichi 2022 ndipo unali utapha anthu oposa 1,500 Freddy asanafike. Zimbudzi zinagumuka, mijigo inamira, ndipo m'kalasi imodzi munkagona mabanja ambirimbiri. Mkazi wanga ankayang'anira ndowa ya madzi othira mankhwala pakhomo la kalasi yathu, ndipo sankalola mwana aliyense kudya asanasambe m'manja, ngakhale amayi anzake ena ankamuona ngati wovuta.

Mphunzitsi wa ku Kasungu analembanso kuti:

Zikomo nonse, ndipo mayi a ku Chilobwe, mulimbe mtima. Mawa ndikawajambulira ana phiri pa bolodi, ndi thanthwe pansi ndi dothi pamwamba, kuti aone zimene zimachitika dothilo likakhuta madzi. Ndili ndi funso limodzi lotsala kwa inu mayi, ngati silikupwetekani: kodi anthu anabwereranso kukamanga pamalo pomwepo?

Mayi wa ku Chilobwe anayankhanso kuti:

Ena anabwerera, aphunzitsi, ndipo sindingawaweruze. Tinakhala pa msasa wa kusukulu kwa milungu ingapo, koma ana anayenera kuyambiranso maphunziro, choncho aliyense anafunika kupeza kolowera. Anthu sakhala m'phiri chifukwa chokonda kukwera chitunda ndi ndowa pamutu, koma chifukwa kumeneko n'kumene lendi ndi yotsika ndipo munthu angathe kuyenda wapansi kupita ku Limbe kapena m'tauni kukagwira ganyu. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Novembala chaka chomwecho, mtengo wa simenti ndi malata unakwera, ndipo amene ankafuna kumanga kwina anagwa mphwayi.

Ife tinasamukira chakumunsi, m'nyumba ya chipinda chimodzi imene lendi yake ndi yokwera kuposa ya nyumba ya zipinda zitatu imene tinasiya. Mvula ikagwa usiku wonse, mwana wanga wamwamuna amadzuka n'kuvala nsapato, ndipo amakhala pafupi ndi chitseko mpaka kucha. Zikalata za kuchipatala ndi ziphaso zathu ndimazisunga m'jumbo imodzi imene ndinaipachika pa msomali pakhomo, ndipo ndinagwirizana ndi aneba anga atsopano kuti mvula ikagwa masiku awiri osaleka tidzapita tonse kukagona kutchalitchi.