Ulendo wa ku mtsinje wa Yellowstone: kukola paddlefish, kuiphika ndi kutola miyala

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za nsomba ndi za miyala. Mlamu wanga amene amagwira ntchito m'chigawo cha Montana ku America wandiitana kuti ndikamuchezere chaka chamawa, ndipo akufuna kuti tikakhale masiku angapo m'mphepete mwa mtsinje wa Yellowstone, pafupi ndi tauni ya Glendive, kumene anthu amasonkhana kukagwira nsomba yotchedwa paddlefish. Pa zithunzi zimene wanditumizira pa WhatsApp, nsombayo ndi yaikulu moti mwamuna wamphamvu akuinyamula ndi manja awiri atapendekera m'mbuyo, ilibe mamba, ndipo kumutu kwake kuli chinthu chachitali chophwatalala ngati nkhafi. Ine ndinakula ndikuwedza milamba mu Lingadzi ndi nyambo ya nyongolotsi, choncho zandizunguza mutu kumva kuti nsomba imeneyi saiwedza ndi nyambo. Nanga amaigwira bwanji, ndipo tingaiphike motani kuti iyendere nsima?

Chachiwiri, ndimaphunzitsa jogalafe ndipo ndimasunga miyala ya mitundu yosiyanasiyana yoonetsa ana m'kalasi. Mlamuyo akuti mumtsinje womwewo anthu amatola miyala yokongola ya agate. Ndikufuna kuti zonse ziwiri zitheke pa ulendo umodzi, koma tchuthi changa chachitali chimagwa mu Ogasiti. Ndigule tikiti ya mwezi uti?

Wa zausodzi, Likuni:

Aphunzitsi, mlamu wanu wanena zoona kuti nyambo ilibe ntchito pa nsomba imeneyi, ndipo chifukwa chake chili pa kadyedwe kake. Paddlefish sisaka tinsomba kapena nyongolotsi. Imasambira itayasamula kukamwa, madzi n'kumalowa ndi kutulukira m'mbali mwa mutu, ndipo m'menemo muli timinga tambirimbiri tothithikana tomwe timasefa tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, tija akatswiri amati zooplankton. Chinthu chachitali chakumutucho, chomwe chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa nsombayo, sichokumbira matope monga anthu ankaganizira kale. Chili ndi timaenje tomva mphamvu yofooka kwambiri ya magetsi imene tizilomboto timatulutsa, motero nsombayo imalondola chakudya ngakhale madzi atakhala a matope okhaokha.

Popeza siluma mbedza, asodzi amachita kuikola. Amatenga ndodo yaitali yolimba, chingwe chokhuthala, mbedza yaikulu ya mano atatu ndi mtovu wolemera kumapeto, naponya kutali pakati pa mtsinje, kenaka n'kumakoka mwamphamvu cham'mbali, kukulunga chingwe, kukokanso, mpaka mbedzayo itakola pathupi pa nsomba imene ikudutsa, kaya ndi kumchira kaya ndi pamsana. Nsombayo simuiona ayi, mumangoyembekezera kuti njira ya mbedza yanu ikumane ndi njira yake. Ndi ntchito ya mapewa ndi msana, ndipo mbedza zambiri zimatsalira m'miyala ya pansi pa madzi, choncho mukagule zochuluka. Ikakola, konzekani kulimbana nayo, chifukwa ya makilogalamu 30 kapena 40 siyachilendo kumeneko, ndipo zazikulu zedi zimene zinagwidwapo ku Oklahoma ndi ku Missouri zinaposa makilogalamu 70.

Za mwezi, nsombazi zimakhala m'nyanja ya Sakakawea ku North Dakota, ndipo zimakwera mtsinje wa Missouri ndi kulowa mu Yellowstone kukaswana pamene chipale chofewa chikusungunuka m'mapiri ndipo madzi akusefukira, m'miyezi ya Meyi ndi Juni. Amene anaonapo mpasa zikukwera mtsinje wa Bua akumvetsa zimene ndikunena. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumunsi kwa Glendive pali malo otchedwa Intake, pomwe pali damu lakale lopatutsira madzi a ulimi wothirira, ndipo kwa zaka zambiri nsombazi zinkaunjikana kumunsi kwa damulo, n'chifukwa chake malowo anatchuka. M'chaka cha 2022 anatsegula ngalande yolambalala damulo, makamaka pofuna kuthandiza nsomba ina yosowa yotchedwa pallid sturgeon, ndipo tsopano paddlefish zina zimadutsa kupita kumtunda. Mukakola pallid sturgeon mwangozi, lamulo ndi lakuti muibweze m'madzi nthawi yomweyo.

Pa Yellowstone nyengo yololedwa yakhala ikuyamba pa 15 Meyi ndi kutha pa 30 Juni, koma ikhoza kutsekedwa msanga chiwerengero chololedwa chikatsala pang'ono kukwana. Mufunika chiphaso cha usodzi cha alendo ndi chizindikiro chapadera chomangirira pa nsombayo, ndipo munthu mmodzi amatenga imodzi yokha pachaka. Mlamu wanu atenge kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho ku bungwe la Montana Fish, Wildlife and Parks, chifukwa tsatanetsatane wake amamusintha kawirikawiri. Mukafika mu Ogasiti mudzapeza nyengo itatsekedwa kalekale.

Mayi wa ku Area 18:

Achimwene, ine ndinakhalako ku North Dakota pa nthawi ya maphunziro, ndipo nsomba imeneyi ndinaidya komanso kuiphika, choncho ndilankhulepo za kukhitchini. Kukoma kwake kumadalira zimene mwachita mu ola loyamba mutaivuula, osati zokometsera zimene mudzathire mumphika.

Choyamba ndi kukhetsa magazi. Amacheka mozungulira tsinde la mchira osadula n'kumaliza, n'kuipachika kuti magazi atsike. Nsombayi ilibe minga ngati imene timaipeza mu chambo kapena kampango, mafupa ake ambiri ndi chicherewecherewe, ndipo pakati pa msana pali chingwe choyera chonenepa ngati chala chomwe chimayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Akapotokola mchira wochekedwa uja ndi kukoka pang'onopang'ono, chingwecho chimasololoka chonse chili chathunthu, choterera ndi chonjenjemera, ndipo tsiku loyamba kuchiona ndinabwerera m'mbuyo. Chikatuluka, nyama imatsala yopanda choti mungatsamwe nacho, zomwe zimakondweretsa makolo amene ali ndi ana aang'ono.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu a kwathu tingalakwitse chifukwa tinazolowera kusataya kanthu pa nsomba, ndi kuchotsa nyama yofiira. Mukasenda khungu, pansi pake pali nyama yofiirira yakuda, yamafuta, ndipo imeneyo ndiyo ili ndi fungo lamphamvu la matope. Isengeni yonse ndi mpeni wakuthwa mpaka patsale yoyera yokhayokha, ngakhale mtima ukupweteka poona kuchuluka kwa zimene mukutaya. Mukachotsa mutu, chinkhafi chija, matumbo, khungu ndi nyama yofiirayo, zimene zimatsala zimachepa kwambiri poyerekeza ndi chinsomba chimene munajambulitsa nacho. Nyama yoyerayo iviikeni m'madzi ozizira a mchere usiku wonse mufiriji kapena m'bokosi la ayezi, kenaka muitsuke.

Nyamayo ndi yolimba, sinyenyeka mumphika. Njira imene ine ndinaikonda ndi yoiduladula m'nthuli zokwana pachikhatho, kuthira mchere, adyo ndi mandimu, kuikazinga mpaka ifiire kunja, kenaka kuiika mu supu ya tomato ndi anyezi kwa kanthawi kochepa chabe. Mukaisiya nthawi yaitali pamoto imauma ndi kuyamba kutafunika ngati nyama ya nkhuku yokalamba. Yootcha pa makala imakomanso, ndipo popeza ili ndi mafuta, yowamba imaposa zonse. Ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo akumeneko, ndi wokhakhala pang'ono kuposa wathu woyera, koma nsima imatheka bwinobwino.

Mukagwira yaikazi mudzapeza mazira ambiri otuwa moderako, omwe akathiridwa mchere amasanduka caviar, chakudya chodula kwambiri. Msodzi wamba saloledwa kuwagulitsa. Pa Intake kwa zaka zambiri panali dongosolo lakuti anthu amakutumbulira ndi kukukonzera nsomba kwaulere iwe n'kuwasiyira mazirawo, ndipo ndalama zake zinkathandiza ntchito za m'deralo ndi kafukufuku wa nsombazi. Kunena zoona, ine mazirawo sanandikomere, ndinangomva mchere.

Wogula miyala, Area 3:

Bambo mphunzitsi, pepani ndikusokonezeni pang'ono, chifukwa zofuna zanu ziwirizi zikukokerana mbali zosiyana. Madzi osefukira amene amakweza nsomba mu Meyi ndi Juni ndi omwewonso amene amamiza milu ya nsangalabwi pomwe pamapezeka agate. Otola miyala amadikira kuti madzi aphwe, kuyambira chakumapeto kwa Julayi kunka mtsogolo, pamene mtsinje wagubuduza miyala yatsopano n'kuisiya poyera. Kunena kwina, Ogasiti wanuyo ndi mwezi wabwino wa miyala, pomwe Juni ndi mwezi wa nsomba. Ngati mufunitsitsa zonse ziwiri, yesani masiku oyambirira a nyengo ya nsomba, pakati pa Meyi, madzi asanafike pachimake, koma zimenezo zimatengera mmene chipale chasungunukira chaka chimenecho.

Mwala umene mukufunawo amautcha Montana moss agate, ndipo umapezeka m'chigawo cha mtsinjewo kuyambira cha ku Custer kutsika mpaka ku Sidney, Glendive ali pakati pomwepo. Ndi wa mtundu umodzi ndi agate wobiriwira ngati mtambo amene amakumbidwa ku Ngabu m'boma la Chikwawa, kusiyana kwake ndi kwakuti wa ku Montana ndi woonekera mkati, ndipo m'kati mwakemo muli timizere takuda tooneka ngati nthambi za mitengo kapena ndere, tomwe timabwera chifukwa cha manganese, komanso mikwingwirima yofiirira yobwera chifukwa cha chitsulo. Musayembekezere kuti mudzauona ukunyezimira pamchenga. Kunja kwake ndi kothimbirira, kokhala ndi timaenje, ndipo munthu wosazolowera amauponda n'kupitirira. Yendani m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa lili pansi, muli moyang'anana nalo, mutanyamula botolo la madzi. Mwala umene mwaukayikira uthireni madzi ndi kuukweza padzuwa: ngati kuwala kukulowa m'mphepete mwake, sungani. Mpeni suukanda, chifukwa ndi wolimba kuposa chitsulo cha mpeniwo. Pomwepo mudzapezanso zidutswa za mitengo yakale imene inasanduka miyala, mizere ya mtengo ikuonekabe, ndipo kwa ana a sukulu ndikuona kuti imeneyo ndiyo ingawagwire mtima kuposa agate.

Samalani ndi malo amene mukupondapo. Lamulo la ku Montana limalola anthu kuyenda ndi kusangalala m'mtsinje mpaka pamene madzi amalekezera akadzaza, koma kupyola pamenepo malo ambiri ndi minda ndi madambo a ziweto a eni ake, ndipo kudutsamo kumafuna chilolezo chawo. Pafupi ndi Glendive palinso paki ya Makoshika, komwe kunapezeka mafupa a zinyama zakale monga Triceratops. Inu amene mwina munaperekezapo ana ku Karonga kukaona Malawisaurus, musalephere kupitako, koma m'pakimo simuloledwa kutola kanthu, ndipo mafupa a zinyama zoterezi satoledwa ngakhale pa malo ena a boma.

Pomaliza, miyala imalemera. Chikwama cha m'ndege nthawi zambiri chimalekezera pa makilogalamu 23, choncho sankhani yochepa yabwino, muitsuke dothi lonse, ndipo mukafika pa bwalo la ndege la Kamuzu muionetse kwa oyang'anira katundu m'malo moibisa m'masokosi.

Mkulu wopuma ntchito, Kawale:

Mwana wanga, ine za ku America sindinazione, koma ndaona mmene mpasa ndi chambo zachepera m'zaka za moyo wanga, ndipo nsomba yogwidwa ili pa ulendo wokaswana imandidetsa nkhawa kulikonse kumene ili. Ngati mwakola yaikulu yodzaza mazira, bwanji osaibweza n'kudikira yaing'ono yamphongo? Nsima imodzimodziyo idzatsika.

Wa zausodzi, Likuni:

Bambo, nkhawa yanu ili ndi maziko. Paddlefish yaikazi ya m'mitsinje ya kumpotoko imatenga zaka zoposa 10 isanayambe kuikira mazira, siikira chaka chilichonse, ndipo ikhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 30, motero kupha imodzi ndi kuchotsa mbewu ya zaka zambiri. Mbale wake wa mumtsinje wa Yangtze ku China anaonedwa komaliza m'chaka cha 2003, ndipo mu 2022 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linalengeza kuti mtunduwo unatheratu, zifukwa zazikulu zikhala usodzi wopyola muyeso ndi damu la Gezhouba lomwe linatseka njira yokaswanira kuyambira mu 1981. Ya ku America ndiyo yatsala yokha m'banja limeneli, ndipo malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES.

Komabe njira imene mwaperekayo singatheke mmene mwaifotokozera. Kumeneko masiku amawagawa pawiri: pali masiku ongokola ndi kubweza, ndipo pali masiku otenga. Pa tsiku lotenga, nsomba yoyamba imene mwakola ndiyo yanu, mumaimangirira chizindikiro pomwepo ndipo usodzi wanu wathera pamenepo. Lamuloli analiika kuti anthu asamavulaze nsomba zambirimbiri ndi kuzitaya pofunafuna yaikulu. Choncho amene sakufuna kupha yaikazi asankhe tsiku lobweza, aijambule ili m'madzi, ndipo ndiwo akapemphe kwa mlamu wake.

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndalankhula ndi mlamu wanga usiku wathawu, ndipo tagwirizana kuti ndipite mu Ogasiti monga tchuthi chikundilolera, popeza kusiya ana a Fomu 4 mu Juni mayeso ali pakhomo sikungatheke. Iye akakola nsomba yake mu Meyi, aikonza monga mayi a ku Area 18 afotokozera, ina aiwambe, ina aisunge mufiriji kudikira ine. Ndamupemphanso kuti ajambule kanema pamene akusolola chingwe cha pamsana chija, chifukwa aphunzitsi a sayansi pasukulu pathu sakukhulupirira. Bambo a ku Area 3, ndikadzabwera ndi miyalayo, kodi muno mu Lilongwe alipo amene ali ndi makina ochekera ndi kusalaza agate, kuti ana adzaone timitengo tam'katimo bwinobwino?