Pa gulu la banja: matenda a bambo aakulu ku Mitundu

Azakhali Kawale: Mwadzuka bwanji ana anga? Dzulo ndinali ku Mitundu. Bambo anu aakulu nthenda ya mudzi (mapailosi) ija yawavutanso. Pampando sakukhala, akungotsamira chammbali pamkeka. Alamu andinong'oneza kuti akapita kuchimbudzi kukumatuluka magazi, sabata yachitatu ino.

Achimwene Joni: Pepani azakhali. Kuno mu famase muli mankhwala a homeopathy a mapailosi, timibulu toyera totsekemera, pabotolo alemba Aesculus 30C. Akuti ndi achilengedwe. Ndipatsire munthu pa basi ya Lachisanu?

Namwino Area 25: Achimwene, dikirani kaye. 30C ija ikutanthauza kuti atenga dontho limodzi la mankhwala n'kusakaniza ndi madontho 99 a madzi, atengamonso limodzi n'kusakanizanso, mpaka ka 30. Pofika pamenepo mankhwala enieniwo mulibe, mwangotsala shuga. Njirayi anaiyambitsa dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Mu 2015 bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la boma la Australia linaunika nkhaniyi, silinapeze nthenda yomwe homeopathy imachiritsadi.

Achimwene Joni: Koma mnzanga wa kuntchito anachira nawo.

Namwino Area 25: Mudzi umaphwa wokha nthawi zambiri munthu akasiya kudzimbidwa. Chondidetsa nkhawa ine ndi magaziwo. Pa msinkhu wawo, magazi sitingangoti ndi mudzi asanawaone dokotala, khansa ya m'matumbo nayo imayamba choncho.

Azakhali Kawale: Mayo ine. Usatiopseze mwana iwe.

Namwino Area 25: Sindikuti ndi imeneyo azakhali, ndikuti akayezedwe. Ayambire pa chipatala cha Mitundu ndi buku lawo lakuchipatala, akaona kuti n'kofunika awalembera kalata ya ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Pakadali pano mayi aakulu awaphikire mgaiwa, ufa woyera asiye kaye. Nyemba, nkhwani, bonongwe, mapapaya, madzi ambiri. Azikhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 15, kawiri kapena katatu patsiku. Kuchimbudzi asamakakamize, asamakhalitsenso.

Chitsiriza Biwi: Mgaiwa? Bambo aakulu omwe aja amati ndi chakudya cha kundende? 😂

Azakhali Kawale: Iwe, matenda saseka. Vuto ndi manyazi. Kwa dokotala sangavule pali mwana wamkazi. Apite ndi mwamuna.

Chitsiriza Biwi: Pepani. Ndipita ndine, Lolemba ndapuma. Koma galimoto ilibe mafuta, ndipo pa minibasi sangakhale ndi mabampu aja.

Achimwene Joni: Chabwino, ya timibulu ija ndiisandutsa ya mafuta. Nditumiza pa Mukuru mawa.

Azakhali Kawale: Enanu K10,000 aliyense pa Airtel Money yanga pofika Loweruka. Akawatumiza ku Central adzagona kwanga. Ndipo nkhaniyi ithere pa gulu pompano, ndisakaimve kumpingo.

Chitsiriza Biwi: Nanga awauze ndani kuti tonse tadziwa?

Azakhali Kawale: Palibe. Iwe ukangoti wabwera kudzatenga chimanga. Pilo usaiwale.